Apongozi anga akuti ndimasoka zogwirira mapoto

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 23, ndili ndi mwana mmodzi, ndipo ndimakhala ku Mwazisi pamudzi pa apongozi anga. Amuna anga amagwira ntchito ku Mzuzu, amabwera kamodzi pamwezi. Sukulu ndinalekera Sitandade 7, ndipo kwathu kuno timayankhula Chitumbuka, ndiye Chichewa changa chikamatsimphina mundipirire. Sindine munthu woyankhulayankhula. Ngakhale kalata ino ndailemba katatu.

Zaka zitatu zapitazo mphepo yamkuntho inasasula denga la sukulu yathu ndi nyumba zambiri. Amene anatithandiza ndi bungwe la amayi a ku Scotland. Timamva kuti si anthu olemera ayi. Ndi amayi wamba amene amaphika makeke ndi kuluka majuzi n'kumagulitsa, kuti athandize anthu akutali amene sanawaonepo. Anatitumizira malata ndi mabulangete, kenako masikito kuchipatala chathu. Atamva kuti atsikana amajomba kusukulu akakhala kumwezi, anatumiza makina osokera anayi. Amayi Muriel, mayi wa konkuno amene amatsogolera gulu lathu losoka, anatiphunzitsa kusoka mapadi ochapa, ndipo timawapereka kwa atsikana a Sitandade 5 mpaka 8. Ntchitoyi ndimaikonda chomene, chifukwa chinandisiyitsa sukulu ine n'chomwechi. Tsiku lina ndinaimirira m'kalasi diresi litathimbirira kumbuyo, anyamata anaseka, sindinabwererenso.

Makina amodzi amakhala pakhonde pathu. Apongozi anga aamuna ndi mkulu wa mpingo, kale anali kalipentala pamishoni. Pamwambo wathu mkamwana, mkazi wa mwana wawo, sacheza ndi apongozi aamuna, satchula dzina lawo, sadya nawo. Zaka zinayi ndili pano sitinayang'anizanepo. Koma musaganize kuti ndi munthu wouma mtima. Akafuna kundiuza kanthu amayankhula ndi makinawo, ine ndili pomwepo. Amati, "Iwe makina, eni ako akumwetsanso mafuta ophikira? Uwauze kuti mafuta ako ndagula, ali pawindo." Ine ndimangoomba m'manja pang'onopang'ono nditazolika. Lamba wa makina ataduka anakhala tsiku lonse akudula wina pachikopa. Ataona kuti ndimasoka nditakhala pachidebe, anandikhomera mpando wotsamira, n'kuuza makina kuti msana wa munthu sagula kusitolo.

Tsiku lina chaka chatha anatola padi imene ndinali nditangomaliza. Anaitembenuza uku ndi uku, n'kufunsa makina kuti, "Nanga tizinthu timeneti ta mapiko ndi batani n'tantchito yanji?" Ine thukuta kamukamu. Apongozi aakazi, amene ankatongola chimanga chapafupi, anayankha msanga: "N'zogwirira mapoto, adada, kuti amayi asamapse manja." Iwo anagwedeza mutu nati, "Azungu amaganiza patali." Atachoka, amama anaseka mpaka misozi. Anati, "Mwana wanga, zina amuna amafa osazidziwa, ndipo sadwala nazo."

Tsopano vuto langa ndi ili. Kumapeto kwa mwezi wamawa amayi awiri a bungwe lija akubwera kudzaona ntchito. Kudzakhala msonkhano pasukulu, ndi mafumu, aphunzitsi ndi makolo. Mpingo wasankha apongozi anga aamuna kuti alandire alendo, poti Chingerezi amachidziwa. Komanso mlendo mmodzi, mayi Isabella, analemba kuti akufuna kumva kwa wosoka weniweni, osati wapampando. Amayi Muriel analoza ine. Nditati sindingathe, anati, "Mapadi ako ndiwo atsikana amalimbirana, ndiye ukayankhule ndiwe. Manyazi usiye pakhonde, ukawapeza pobwera."

Apongozi alemba kale mawu awo m'kope. Masana aliwonse amaima pansi pa mango n'kumayeserera mokweza, Chingerezi kenako Chitumbuka. Muli ndime yathunthu yothokoza alendo chifukwa cha zogwirira mapoto. Akuti m'mudzi muno mulibenso mayi wopsa zala, ndipo katswiri wake ndi mkamwana wawo. Dzulo anauza makina kuti, "Uwauze eni ako avale bwino, ndidzawatchula."

Aphungu, amayi onse ndi aphunzitsi onse akudziwa chimene timasoka. Bamboyu akadzawerenga ndime imeneyo, bwalo lonse lidzaseka. Kenako ndidzaimirire ine, ndinene zoona zake iwo ali pampando wakutsogolo?

Ndinapempha amama kuti awauze. Anati, "Ine? Zaka makumi anayi ndili nawo sindinatchulepo zimenezo pamaso pawo, ndiyambe lero ndi imvi?" Amuna anga pafoni anangoseka, nati anthu adzaseka tsiku limodzi n'kuiwala. Amayi Muriel sindinawauze. Ndaganizapo zodzanamizira kudwala, ndaganizaponso zong'amba tsambalo iwo ali kudimba. Bambo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo munthu amene wandisamala ngati mwana wake ndi ameneyu, ngakhale sitinapatsanepo moni wapakamwa. Sindifuna kuti asekedwe chifukwa cha ine. Ndichite chiyani? Yewo chomene.

T.M., Mwazisi, Rumphi


A T.M.,

Chichewa chanu chikuyenda bwinobwino, musadandaule nacho. Ndivomere kuti pa zogwirira mapotozo ndaseka nanenso, koma kuseka kwanga kunathera pa mpando wotsamira uja. Bambo wotere si wosiya kuti akagwe pagulu. Ayenera kudziwa zoona, ndipo adziwe sabata ino.

Zodwala zabodza musiye. Inu mudzagona m'nyumba, iwo adzawerengabe ndime yawo. Kope lawonso musalikhudze. Munthu amene wayeserera masana aliwonse mawuwo ali nawo pamtima, ndipo mudzangowonjezera mlandu pamene panalibe.

Si inu woyenera kuwauza, ndipo mwambo wanu womwewo uli ndi njira yake. Nkhani yolemera imadzera mwa munthu wapakati. Yambani ndi amayi Muriel. Auzeni zonse, kenako mupite nawo kwa apongozi anu aakazi. Musapite ngati okazenga mlandu, chifukwa bodza lija analinena pofuna kukutchinjirizani inu. Koma ndi lawo, ndipo ayenera kuthandiza kulichotsa. Ngati pakamwa pawo palemera, asankhe okha bambo mmodzi wa msinkhu wa amuna awo, amene amagwirizana nawo, kaya mkulu wa mpingo mnzawo kapena mlangizi wa zaumoyo. Ameneyo akawapeze paokha, awauze chimene mumasoka ndi chifukwa chake, kuti atsikana amene ankajomba masiku anayi mwezi uliwonse tsopano akukhala m'kalasi. Munthu amene wakhala pamishoni moyo wake wonse sukulu amaidziwa mtengo wake. Ndikhulupirira kuti ndime yatsopano imene adzalembe idzaposa yoyamba.

Amuna anu muwaimbirenso. Muwauze kuti aphungu ati nkhani ya ulemu wa bambo awo si yosekera pafoni. Abwere Loweruka lino, akhale pakhomo tsiku limene bambowo auzidwe.

Zikatero, tumani amama akakupemphereni chilolezo choyankhula pamsonkhanopo apongozi ali pomwepo. Kupempha kumeneko kudzawapatsa ulemu waukulu. Akalola n'kukhala, thokozani. Akalola koma n'kusankha kukaima kuseri kwa kalasi nthawi yanu ikakwana, musakhumudwe. Kumenekonso n'kukulemekezani.

Za manyazi anu, musafune kusanduka munthu wina. Yankhulani m'Chitumbuka, mphunzitsi amasulire. Mawu ochepa akwana: chimene mumasoka, atsikana angati alandira, ndi chimene chikusowa, kaya ndi nsalu, ulusi kapena sopo. Amayi amene amaphika makeke kuti mupeze makina sakuwoloka nyanja kudzamva Chingerezi, akufuna kudziwa ngati thukuta lawo likufika pamene analilozetsa. Yesererani pa makina anuwo, ndaona kuti pakhomo panu amamva bwino. Musatchule dzina la mtsikana aliyense. Za diresi lanu lija ndi zanu. Mukafuna kuzinena nenani, koma wina asakukakamizeni pofuna kukhudza mitima ya alendo.

Chenjezo langa ndi ili. Apongozi akadziwa, mwina padutsa masiku asakufika pakhonde. Musawathamangire, musabise makina, ndipo musapepese chifukwa cha ntchito yanu, palibe choipa mwachita. Alekeni ameze okha. Koma nkhaniyi isakafike kumjigo kapena kugulu lanu losoka ngati nthabwala. Mayina ndawasintha, komabe nyuzipepala imayenda, ndipo ku Mwazisi kulibe akalipentala ambiri oyankhula ndi makina. Fulumirani, auzidwe ndi munthu wowakonda asanamve kwa wowaseka. Manyazi a pakhonde amapola m'masiku atatu. A pabwalo la sukulu amasanduka dzina, ndipo bambo wabwino chotere asakalowe m'manda akutchedwa a Zogwirira Mapoto.

Aphungu