Nsanja ya Chikwi ya Bambo

Norwich,
16 Seputembala 2019

Okondedwa achemwali Hilary,

Ndikhulupirira kuti inu, alamu ndi ana muli bwino ku Canada kumeneko. Kuno tadzuka, ndipo denga lija analikonza. Koma chimene ndalembera ndi china: lamulo lanu ndaliswa.

Bambo atagwa pamasitepe chaka chatha, munanenetsa kuti asadzagwirenso chingwe cha belu, ine nkuvomera. Zimene tonse sitinadziwe nzakuti m'kabuku kawo kaja, momwe amalembamo tchalitchi chilichonse chimene analizamo belu kuyambira ali ndi zaka khumi ndi zinayi, anali atafika pa 999. Munthu wa zaka 83 kutsala ndi nsanja ya mabelu imodzi yokha kuti akwanitse chikwi! Chaka chonse sanadandaule, amangokatsegula nkukatseka. Ine zinandilasa mtima.

Loweruka ndinawatengera ku kamudzi kena ku Suffolk, komwe zingwe za mabelu a tchalitchi zimalendewera pansi penipeni, kopanda kukwera. Achemwali, tchalitchi chimenecho mukanachiona. Makoma a miyala a zaka mazana asanu ndi limodzi, angelo osema pamitengo ya denga, ena mphuno zinathothoka. Kiyi wake, wotalika ngati chipande, amasunga mayi Thurtle, mkulu wa oliza mabelu pamenepo, amene anatiitaniranso anzawo anayi oti alize nawo.

Mayiwo anawayang'ana Bambo kuyambira kumutu mpaka ku ndodo.

"Agogo, belu laling'onoli likukwanirani. Mukandifera muno ndilibe nthawi yokolopa."

"Laling'ono mupatse mwana wangayu," anatero Bambo. "Ine ndinayamba kuliza mabelu inu musanamere mano."

Makani a Bambo mukuwadziwa. Anakatenga lalikulu, lolemera kuposa ng'ombe. Ndinaima pambali pawo ndikuganiza kuti chingwe chikawakokera kudenga ndidzakuuzani chiyani.

Atangoponya ndodo nkugwira chingwe, msana uja unawongoka. Sakoka ndi mphamvu ayi, amangolinyengerera belulo, ilo nkumabwera lokha pa nthawi yake. Mphindi khumi zathunthu osaphonya ngakhale kamodzi. Mayi Thurtle anasiya nthabwala. Ine ndakhala ndikuwaona Bambo ngati nkhalamba yovuta kumwa mankhwala, ndipo ndinachita manyazi.

Titamaliza anakhala pabenchi, manja akunjenjemera moti cholembera chinawakanika. Ndinati ndiwalembere, anakana.

"Iwe zolemba zako ngati nkhuku yapalasa. Dikira."

Tinadikira, mpaka analemba okha dzina la mudziwo. Kenaka anatseka kabuku nkundipatsa.

"Basi, Neville, ndamaliza. Ukamuuze mlongo wako kuti asadenso nkhawa. Koma umuuze kuti ndasiya ndekha, si iye wandisiyitsa."

Ndiye ndakuuzani. Ngati pali wokalipira, kalipirani ine, galimoto ndinayendetsa ndine. Ndimayesa ndisangalala kuti asiya, koma kunena zoona ndakhala ndi chisoni kuyambira tsiku limenelo.

Bambo akupereka moni kwa nonse. Zikhatho zili ndi matuza, ndipo akuonetsa aliyense wobwera pakhomo, ngakhale wobweretsa makalata. Mukaimba foni Lamlungu, chonde musayambe ndi za mankhwala. Muwafunse kuti belulo limamveka bwanji. Akuyembekeza funso limenelo kuchokera kwa inu.

Ndine mlongo wanu wosamva,
Neville