Tsamba Limodzi la Buku la Amakaniko

LOLEMBA

Ningrum 07:41
njinga yamoto ija yakananso achimwene. ndaponda kiki mpaka mwendo wachita dzanzi. ikayaka, ndikangosiya moto ikuzima

Pandu 07:58
pulagi?

Ningrum 07:59
ndaika yatsopano dzulo. mafuta alimo

Pandu 08:00
ijambule ndimve

Ningrum 08:06
[uthenga wa mawu, 0:19. kiki kanayi, injini ikutsokomola pang'ono, kenako zii]

Pandu 08:31
mavalavu amenewo, athina. chimwalirireni bambo palibe anaitsegula njingayo. pita nayo ku galaja

Ningrum 08:33
ndinaikankha mpaka kumeneko dzulo. andipatsa tsiku la loweruka. bwalo lonse ndi njinga za anthu opita kwawo kukadyera Idi. makaniko wa pamphambano uja watseka kale, walemba pa chitseko kuti tionana Idi ikatha

Pandu 08:35
ndye dikira loweruka

Ningrum 08:40
Bu Warsih, mkulu wa azimayi otigula ndiwo aja, aimba m'mawa uno. akuti azimayi a ku Griya, ku nyumba za mumpanda kuja, akhala masiku atatu osaona ndiwo pakhomo, mwezi wosala womwe uno. lamulo lawo mukulidziwa, wa ndiwo wolowa pa geti ndi mmodzi basi. lachinayi 6 koloko ndikapanda kuoneka, malowo apatsa a Kasmin, ogulitsa ndiwo ena aja

Ningrum 08:41
a Kasmin akumaima kale kunja kwa geti ndi njinga yawo yakale ija. akumangokhala pa chishalo n'kumacheza ndi alonda

Ningrum 08:43
amayi alowa pa geti limenelo zaka 11. ine andisiyira masabata atatu okha kuti bondo lawo lipole

Pandu 08:50
bwereka njinga

Ningrum 08:52
ya ndani sabata ino? komanso madengu athu amakhala pa chitsulo chimene bambo anawotcherera. sichikwana pa ina

Ningrum 09:02
ndikonza ndekha. chitini cha bambo cha zida chilipo, ndi timipeni toyezera mpata tija. ndinawaonapo akuchita. chimene ndikusowa ndi nambala, mpata wake ukhale wotani

Pandu 09:10
za njinga zimenezo sindizisunga m'mutu. kuno ku Bekasi timagwira zatsopano zokhazokha

Ningrum 09:11
mu buku lanu la amakaniko mulimo. tsamba limodzi lokha pls

Pandu 09:14
buku lake lili mu kompyuta ya kampani, si la eni njinga. mafoni timasiya mu loka tikamalowa. ukufuna andichotse ntchito Idi ili pafupi?

Ningrum 09:30
kabuku kamene kanabwera ndi njinga ndakawerenga konse. masamba 60. pa mavalavu kakungoti pitani nayo kwa amakaniko ovomerezeka

Ningrum 11:20
pa intaneti aliyense akunena nambala yake. wina akuti uzingomvera ndi khutu

Ningrum 15:47
achimwene

LACHIWIRI

Ningrum 06:55
ndatsegula tizivindikiro tiwiri ta mavalavu. chizindikiro cha T, chosonyeza poimikira injini poyeza, ndachipeza, ndazunguliza mpaka chaloza pamzere. timipeni tinali ndi dzimbiri, ndatipukuta ndi oyilo. kochepetsetsa komwe sikakulowa. munanena zoona, athina

Ningrum 06:57
ndayala zonse pa nyuzipepala, nati iliyonse pamalo pake. nkhuku ya aneba yabwera kawiri kudzaona

Ningrum 10:14
sindikukukakamizani. ndikungokuuzani pamene ndafika

Pandu 12:22
[chithunzi: tsamba la pa kompyuta, lopendekeka, chala chikuoneka pakona]

Pandu 12:23
valavu yolowetsa mpweya 0.10, yotulutsa utsi 0.17. injini ikhale yozizira. kopera papepala, chithunzicho ufufute

Ningrum 12:25
zikomo achimwene. ndafufuta

Pandu 12:27
kampeni kazilowa mokakamira pang'ono, osati kungogwera. ukamanga nati uyezenso chfkwa mpata umasuntha

Ningrum 14:05
yayaka kiki imodzi

Ningrum 14:06
[uthenga wa mawu, 0:24. injini ikuyenda, pamwamba pake phokoso la tche tche tche]

Ningrum 14:07
koma ikulira ngati makina a telala

Pandu 14:40
wayeza molakwika

Ningrum 14:41
ndayeza katatu

Pandu 14:42
yeza kachinayi. kusukulu masamu unkapeza 40 iwe

Ningrum 14:42
62. wa 40 munali inu

Pandu 14:43
kkk ok

Ningrum 16:30
ndaiyesa pa chitunda cha ku msika ndi matumba awiri a mpunga. pakati ndachita kutsitsa giya mpaka 1. anthu a pa shopu ya matayala anatuluka kudzaona chikubwera. ndi madengu odzaza sikwera

Pandu 16:52
usaiyendetsenso. isiye izizire, mawa uyambirenso

LACHITATU

Ningrum 06:20
ndayezanso itazizira. 0.10 ndi 0.17 ndendende. vuto si ine

Ningrum 07:05
amayi anamva phokoso dzulo ali pa bedi, lero andiitana. ndawafotokozera zonse, za Bu Warsih zomwe. sanakalipe. angofunsa kuti tsamba mwatumizalo ndi la njinga iti. ndati la yathu. akuti yathu ndi njinga ziwiri zophatikiza

Ningrum 07:09
akuti chaka chimene munali ku sukulu ya umakaniko, bambo anabwera nayo kuchokera ku Bandungan oyilo atatha, mutu wa injini n'kupsa. anakagula wina kwa ogulitsa zitsulo zakale, wochotsa pa njinga ya ngozi, n'kuumanga okha pakhonde. anawapempha amayi asakuuzeni chfkwa mukanawaseka

Pandu 07:31
ndikanawaseka ndithu

Pandu 07:32
jambula mutuwo mbali ya kumanzere, pali zilembo

Ningrum 07:38
[chithunzi: zilembo zinayi pa chitsulo, zopukutidwa ndi nsanza]

Pandu 07:50
uwu ndi wa mtundu wakale, waukulu zaka 8 kuposa njingayo. nambala za tsamba lija si zake

Ningrum 07:51
ndye tsamba la mtundu wakalewo?

Pandu 08:15
sindingathe

Pandu 08:17
Pak Sarwo, kapitawo wathu, anandiona dzulo ndikujambula. andilembera kalata yochenjeza. kompyuta sindiloledwa kuigwira mpaka mwezi wa mawa. andiika kosintha oyilo

Ningrum 08:40
simunanene

Pandu 08:41
ukanatani

Ningrum 08:58
pepani achimwene. ndipo tsamba lake losathandiza

Pandu 08:59
zachitika. ndikulowa, foni mu loka

Ningrum 10:30
Bu Warsih atumiza uthenga. angolemba kuti mawa 6, ndi kachithunzi ka duwa

Ningrum 11:45
ndaganiza zongochepetsa mpata mongoganizira, koma sindikudziwa poimira. amati ukathinitsa kwambiri valavu imapsa. ndangokhala pansi ndikuiyang'ana. apa ndaonadi kuti mutuwo utoto wake ndi wosiyana ndi wa kunsi kwa injini, zaka zonsezi ndimati ndi fumbi

Pandu 12:50
[uthenga wa mawu, 1:08]
Ning, tamvera. nthawi yopuma anzanga onse anagona m'chipinda chopempherera, ndi njalayi. Pak Sarwo anali okha panja akupukuta manja. ndapita ndawauza zonse, za amayi, za geti, za mutu wa injini umene bambo anamanga. ndimati andithamangitsa. akuti tandionetsa. ndatenga foni mu loka iwo akuona. angoyang'ana kamodzi n'kuti 0.05, mbali zonse ziwiri. akuti mtundu umenewo anauchotsa mu kompyuta kalekale, ndye si chinsinsi cha kampani, ndi cha m'mutu mwawo, apatsa amene amufuna. akuti mitu imeneyo anaimanga yosawerengeka ine ndikadakwawa. kenako andifunsa kuti bambo ako anali makaniko? ndati ayi, ankagulitsa ndiwo. akuti zikuoneka

Ningrum 12:54
0.05 onse awiri?

Pandu 12:55
onse. kalata ija ndye akuti ikhalabe mu faelo

Ningrum 12:55
muwathokoze

Pandu 12:56
pa kalata kapena pa nambala

Ningrum 14:32
[uthenga wa mawu, 0:15. injini ikuyenda mofatsa, tambala akulira chapatali]

Pandu 15:10
ndi imeneyo

Ningrum 16:48
chitunda yakwera ndi giya 2, matumba atatu. ndamanga madengu. amayi andilembera papepala zimene azimayi amafuna sabata ya Idi, kokonati, tsabola wofiira, nyemba zazitali, masamba okulungira mpunga. akuti ku msika ndisamagule kwa woyamba, ndizifika mkati

Ningrum 16:50
ndatsala ndi washala imodzi pa nyuzipepala. sindikudziwa ndi ya pati

Pandu 17:20
jambula

Ningrum 17:22
[chithunzi: washala pachikhatho chakuda ndi oyilo]

Pandu 17:23
si ya mu injini. ya bambo imeneyo, ibwezere mu chitini

LACHINAYI

Pandu 05:35
wanyamuka?

Pandu 06:04
Ning

Pandu 06:40
yazima panjira?

Pandu 07:55
ndikulowa. ukaona uyankhe

Ningrum 09:48
ndinafika 5:50. sorry, foni inali pansi pa kabichi

Ningrum 09:52
alonda anditsegulira osafunsa. Bu Warsih anatuluka oyamba, atola tsabola, amununkhiza, akuti amayi ako amasankha wabwino kuposa uyu. agula theka la kilo. kenako akuti mawa ubwere ndi tempe, ndiwo ya soya ija, wambiri, lero wachepa

Pandu 12:03
ndye malowo ndi athu

Ningrum 12:05
ndi athu. amayi ndawauza, angoti chabwino n'kutembenukira ku khoma, agona

Ningrum 12:10
potuluka ndinapeza a Kasmin akadali pa geti, masamba awo atayamba kufota. anandiimitsa. ndimati andinena. koma anangonjuta pafupi ndi injini n'kumamvetsera. akuti mutu uwu ndi wofanana ndi wa njinga yawo. yawo ikumavuta kuyaka m'mawa mwezi wonse uno, ku galaja awauza kuti Idi ikatha. afunsa kuti wakukonzera ndani, ndati ndekha

Ningrum 12:12
akuti mwana wanga, mpata waika wotani

Pandu 12:13
ndye?

Ningrum 12:31
ndawauza kuti sindikudziwa

Pandu 12:32
ukudziwa

Ningrum 12:33
eya

[Pandu waona, 12:33]