Bwana Wayamba Kuluma

Lolemba, 6 Okutobala 1952, Chipoka

Dona wafa. Ndamupeza m'mawa atauma pakona pa bokosi, Bwana atamugonera pamwamba ngati akumufunditsa. Ndamukwirira kuseri kwa bafa. Palibe woti ndimuuze. Ndani angabwere kudzandipepesa maliro a khoswe?

Tsiku lonse ndimangokumbuka mmene amuna anga a Lawson anabwerera nawo makoswe oyerawa. Ntchito yawo yoyeza magazi a anthu odwala kaodzera itatsekedwa, mzungu wawo anati makoswe otsala aphedwe. Iwo anasankha awiri amene anali asanabayidwe jakisoni, n'kuwabisa m'thumba la jekete. Khola anapanga okha, bokosi la sopo ndi waya. Mayinanso anatcha okha, Bwana ndi Dona, ati poti ndi oyera, sagwira ntchito, koma kudya ndiye sachedwa. Pokwera sitima ya ku Halale anandiuza kuti, "Molly, uzindisungira azungu angawa." Dzinja likubwerali ndi lachiwiri.

Lachitatu, 8 Okutobala

Kutentha koopsa. Makina osokera akuchita kuotcha m'manja.

Bwana sakudya. Chimanga ayi, mtedza ayi. Akungozungulira m'bokosi kununkhiza pamene pankagona mnzake.

A Nafisa, anzanga oyandikana nawo nyumba, abweretsa nsalu ya diresi la ukwati wa mwana wawo Zuleka. Yobiriwira, yoterera, yovuta kudula. Ndawauza za Dona. Ati, "Pepani Naphiri, koma najisi mmodzi, chodetsedwa chija, wachepa m'nyumba muno." Aseka, inenso ndaseka nawo. Atapita ndalira pang'ono, zopusa.

Lachisanu, 10 Okutobala

Amuna onse ku mzikiti, mudzi uli zii. Lachisanu limandikumbutsa kuti kuno ndine mlendo.

Bwana wasintha. Kale ndikatsegula chitseko cha bokosi ankakwera mkono mpaka paphewa, n'kukhala pamenepo ndikusoka. Zikhadabo zanga ankangozilawa ndi mano, mosamala, ngati akundiyeretsa. Lero ndangoti ndilowetse dzanja, ubweya wonse wayima, wapendekeka cham'mbali, mano akukukuta. Ndabweza dzanja.

A L. akanadziwa chochita. Mwina.

Lolemba, 13 Okutobala

Zoipa lero. Zuleka anabwera kudzayesa diresi. Ine ndili pansi ndi mapini kukamwa kukonza mpendero, iye wapisa chala pawaya n'kumati, "Bwera kuno mzungu." Kukuwa kwake! Anthu a kusiteshoni ayenera kuti anamva. Bala lake laling'ono, timabowo tiwiri, koma magazi ngati wapha nkhuku. Mwayi diresi silinadonthere.

Amake anabwera akuthamanga, mpango uli m'manja. "Subhanallah! Mkwatibwi alumidwe ndi khoswe sabata yoti akwatiwe ili pafupi? Chilombo ichi muphe, Naphiri. Chinachokera ku matenda chimenechi."

Ndinati sanabayidwepo, ndiponso zala za Zuleka zimanunkha usipa, iye amayesa chakudya. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Ndinatsuka balalo ndi madzi a mchere, ndapepesa, ndapepesanso. Ndalonjeza kuti kukabwera anthu ndizifunditsa bokosi ndi chiguduli.

Koma sikuti amayesa chakudya. Ndinaona. Anachita kulumpha.

Lachitatu, 15 Okutobala

Sindikudziwa poyambira.

A Nafisa anabwera masana, mkwiyo utatha, ndi mabatani a diresi. Anaima pakhomo n'kumandifotokozera za mpunga wa paukwati, kuti apongozi awo akufuna zambiri. Ine ndimasintha udzu wa m'bokosi, dzanja lamanzere lili mkati, nkhope ndatembenukira kwa iwo. Ndinali nditasamba m'manja ndi sopo kuti pasakhale fungo. Timaseka.

Mwadzidzidzi anasiya kulankhula. "Naphiri. Magazi awo?"

Ndinatulutsa dzanja. Kachala kakang'ono kali psuu, magazi akutsikira kuchigongono. Wandiluma mpaka mano kukumana, nyama ili lende. Si timabowo ta Zuleka tija ayi.

"Simunamve?"

Ndinati ndinamva pang'ono. Bodza. Sindinamve kanthu, ngakhale kukhudza kwenikweniko.

Anayang'ana chalacho nthawi yaitali, kenaka nkhope yanga, makutu, nsidze. Anaika mabatani pampando, osati m'dzanja langa. "Mumange bwino," anatero, n'kumapita.

Lachinayi, 16 Okutobala

Ndadziyesa ndi singano. Chala chachikulu, kuwawa. Cholozera, kuwawa. Kakang'ono ndi kotsatana nako, zii, ngati ndikubaya nsalu.

Loweruka, 18 Okutobala

Maganizo akungotola zinthu zimene ndinazitaya. Thuza lija la mwezi watha, limene ndinaliona nditatha kusita, osadziwa kuti simbi yandiotcha nthawi yanji. Singano zimene zakhala zikundipulumuka. Ndimati ndi kutopa.

Ndi banga lija pamkono, pamwamba pa chigongono, limene ndakhala ndikulitcha chikanga. Lero ndaliyang'anitsitsa padzuwa. Thupi lonse thukuta kamukamu, koma pabangapo pouma gwa. Tiubweya palibe.

Dzina lake ndikulidziwa. Sindilemba.

Ndasoka manja a diresi. Ndinakulunga chalacho ndi nsanza zambiri kuti chisakhudze nsalu ya mwana wa eni.

Lamulungu, 19 Okutobala

Kutchalitchi sindinapite. Kumeneko timapatsana moni wa m'manja.

M'mawa ndinadzuka ndi ukali. Ndinanyamula bokosi pamutu mpaka kutchire la kuseri kwa njanji, ndalitsitsa, ndatsegula chitseko. "Pita. Pita ukalume anzako." Ndinakhala pachulu kudikira. Anafika pakhomo, mphuno m'mwamba, mutu ukuyenda uku ndi uku. Osatuluka. Kumwamba kabawi anali atayamba kale kuzungulira. Kanthu koyera chonchi pa thengo lopsa, kangathe nthawi yanji?

M'pamene ndinaona, poti kunali kowala, kuti maso ake achita mtambo. Ofiira aja asanduka otuwa ngati madzi a mpunga. Saona. Kapena amangoona chithunzi chachikulu chikumugwera. Dona ndiye ankayamba kubwera kudzanja, iye n'kumatsatira pambuyo. Tsopano chilichonse cholowa m'bokosi ndi mdani.

Ndinamulankhula kaye, kumuitana monga amachitira a L., ndi kamluzu. Ndinaika kuseri kwa dzanja lamanja pansi, osalisuntha. Ananunkhiza, ananunkhizanso, n'kukwera. Mtima wake ukugunda pachikhatho changa. Dzanja limenelo limamva.

Ndabwerera naye. Anthu ochokera kutchalitchi ndinawapatukira.

Lachiwiri, 21 Okutobala

A Nafisa sanabwere chichokere tsiku lija. Kunyanja ndimapita kukachapa dzuwa lili paliwombo, pamene kulibe anthu. Lero ndinapezako amayi awiri akutsuka miphika. Mmodzi amati, "Amasunga khoswe ngati mwana, n'chifukwa chake mwamuna sabwera." Atandiona anayamba za mtengo wa mchere. Ndinapumira m'mwamba. Akadali pa nkhani ya khoswe. Ndiye kuti inayo sanaimve.

Diresi latha. Ndalichapa, ndalisita, ndalikulunga m'pepala. Lili patebulo. Kukapereka ndikuopa, kulisunga ndikuopanso.

Lachitatu, 22 Okutobala

Abwera okha. Anakhala pakhonde, chapatali pang'ono kusiyana ndi kale. Ndinati ndiphike tiyi, anati amwa kale.

Anayamba ndi za nsomba, kuti chaka chino ku Mbenji kwagwa utaka. Kenaka anati, "Ine ndinali ndi amjomba anga, a Abdulkarim. Ankaluka maukonde. Anabisa zaka zambiri, ankavala malaya a manja aatali ngakhale m'chilimwe. Pomadzadziwika zala zinali zitapindika kale. Anawamangira kanyumba kunja kwa mudzi, ine ndinkawapititsira chakudya. M'mawa wina ndinapeza makoswe a kudenga awadya zala za kumapazi, iwo ali m'tulo osadziwa. Ndi khate, Naphiri. Ndalitchula ine kuti inu musavutike kulitchula."

Mawuwo atatuluka, khonde linakhala momwe linalili, nkhuku zikupalasa.

"Sindinauze munthu, wallahi. Ngakhale bambo a Zuleka."

Ndinafunsa kuti nanga anthu akadziwa, adzabweretsanso nsalu ndani? Nanga a Lawson? Sanandinamize. Anati za amuna sangalonjeze. Koma amva kwa anthu a m'sitima kuti ku Mua, kuchipatala cha akhate, kwafika mankhwala atsopano akumwa, ndipo amene apita msanga zala zimatsala. "Ukwati ukangotha tipite kwa a Enock ku dispensale akakuoneni. Musachite za amjomba."

Ponyamuka anayang'ana phukusi la diresi. Ndinaona dzanja lawo likukayika. Kenaka analinyamula, n'kulipana m'khwapa.

Loweruka, 25 Okutobala

Ndatenga pepala kuti ndilembere a L. Ndalemba "Okondedwa amuna anga," basi. Bwana ali paphewa, akutafuna kolala.

Lamulungu, 26 Okutobala

Ukwati wa Zuleka. Nyimbo kuyambira m'mawa, nthungululu, fumbi. Anandiitana kalekale, malo anga analipo pakati pa amayi. Ndatumiza mawu kuti mutu. Ndinaonerera pa mpata wa mpanda. Diresi lamukhala bwino, m'chiuno ndinalasa ndithu. Paphewa lamanzere pakukoka pang'ono, koma ndi ine ndekha ndingaone.

Masana a Nafisa anandibweretsera mpunga ndi nyama ya mbuzi. Pa tsamba la nthochi. Kale ankabweretsa m'mbale yawo ya maluwa ija, ine n'kubweza muli mtedza. Anaika pakhonde, anandifunsa za chala, n'kuthamangira kwa alendo.

Sindikuwadandaula. Inenso ndikanatero. Koma ndinakhala nthawi ndikuliyang'ana tsambalo.

Tadya awiri ndi Bwana. Ndikamuimbira kamluzu kaye saluma. Dzulo ndinaiwala, ndinangopisa dzanja, anandigwira pa nsanza.

Lachiwiri, 28 Okutobala

Tapita.

A Nafisa anagogoda m'mamawa atafunda nsalu yawo ya paulendo. Panjira iwo patsogolo, ine pambuyo. Amene amatifunsa amawauza kuti akukaonetsa msana wawo. Titadutsa mlatho ndinawafunsa kuti ngati andisunga kumeneko, Bwana adzatani?

"Najisi ameneyo?" Anakonza nsalu yawo paphewa. "Chimanga ndizimuponyera ndi chipande. Koma kumugwira ayi, ndipo kamluzu kanuko ine sindiimba."

Ku dispensale anthu anali ambiri, ana a chifuwa, msodzi wina mbedza ili m'chikhatho. A Enock ndi bambo wachikulire, wolankhula pang'onopang'ono. Anamasula nsanza, anaona bala.

"Chakulumani n'chiyani, mayi?"

"Khoswe."

"Muli m'tulo?"

"Ayi. Ndili maso, ndikucheza. Ndi woweta."

Anakweza maso. Sanaseke. Anatsuka balalo ndi mankhwala ofiirira aja amene ana amalira nawo, uku akundiyang'ana kumaso. Ine phee. Anandipempha kuti ndikwinye dzanja la bulauzi, anaona banga. Anasisita kuseri kwa chigongono ndi chala chawo, pamenepo ndiye ndinadzidzimuka, ululu unathamanga mpaka kudzanja.

Kenaka anatenga kathonje, anakapota nsonga. "Tsinzinani. Paliponse pamene mwamva ndakukhudzani, munene kuti apo."

Ndinatsinzina. Patsaya. Apo. Pakhosi. Apo. Dzanja lamanja, chala ndi chala. Apo, apo. Mtima unayamba kukhala pansi, ndinati mwina ndimangodziopseza. Anatembenuza dzanja lamanzere, analigoneka patebulo. Ndinadikira. Kunja mwana amalira, wina amakoka benchi. Ndinadikirabe.

"Yambani, adokotala."

"Ndayamba kale, mayi."

Ndinatsegula maso. Kathonje kali pa kachala kanga, akukayendetsabe uku ndi uku.

Anakokera mpando pafupi, n'kulankhula motsitsa kuti a pabenchi asamve. Anati sitinachedwe kwambiri. Anati ku Mua akandiyezanso, ndipo ndikonzeke kukhalako ndithu, si za sabata imodzi. Zina sindinazimve, m'makutu munali phokoso.

"Amuna anu ali kuti?"

"Ku Halale."

"Abale?"

"Kumudzi, kutali."

"Nanga akakuperekezani ndani?"

Ndinayang'ana thonje lija patebulo.

A Nafisa ndinawasiya panja pansi pa mtengo. Sindikudziwa kuti anafika nthawi yanji pakhomo. Ndinangomva mawu awo kumbuyo kwanga.

"Adokotala, sitima ya Lachinayi imaima pa Mtakataka, kuti tikatsike n'kupita ku Mua?"