Kasensa Kanu Sikanali Kakufa

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Beira. Kuno tonse tili bwino, chifuwa cha mayi chatha.

Karinya yathu, galimoto ya katundu ija, yadzuka! Kasensa koyeza mpweya kamene munatumiza kaja, ka kompyuta ya injini yomwe ndinapanga ndekha, ndinatsala pang'ono kukataya. Kankaonetsa manambala otsika kuposa olembedwa pa pepala lake, ndiye ndinati munagula kakufa. Ndisanasankhe kena, ndinatsika nako ku Meponda pa njinga yamoto. Kunyanjako manambala anakwera. Vuto silinali kasensa ayi, mpweya wa kumtunda kuno ku Lichinga ndi wopepuka. Ndinakamanga pa injini, ndipo dzulo karinya yakwera chitunda chonse itasenza usipa, osatsokomola.

Tumizani kena kofanana nako koti ndisunge. Mundikhululukirenso, ndinakunenani kwambiri pamaso pa mayi. Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Saidi