Kanyenyezi ka Mayi pa Mkate wa Mlendo

Fes, mwezi wa Shabani

Achemwali anga a Zoubida,

Mtendere ukhale nanu. Ndikhulupirira kuti inu, alamu anga a Mbarek ndi ana muli bwino ku Marseille kumeneko, ndi kuti chifuwa chimene chinkamuvuta Houda chinamusiya. Kuno ndadzuka, tithokoze Mulungu. Azakhali a Rkia mawondo ndi omwe aja, koma pakamwa pokha sipadwala.

Uthenga wanu wa pafoni ndinaumva, koma kuyankha kunandikanika. Mukundidziwa, mawu amandithawa ndikamalankhula, n'chifukwa chake ndalemba. Mukuti munthu wofuna kugula uvuni wa Bambo, uja timawotcheramo anthu mikate yawo, kuti pakhale nyumba yogona alendo akudikira yankho Ramadani isanayambe, ndipo inu mwatsala pang'ono kusayina. Sindikukudzudzulani. Nanenso masiku ena ndimalakalaka nditasayina.

Zimene munamva n'zoona. Kuchipata cha mzinda anatsegulako bekare yamagalasi, yowala ngati chipatala, ndipo munthu akangodina foni mkate umamupeza panjinga yamoto. Azimayi ambiri anagula timauvuni tagasi. Matabwa a mikate amene kale ankadzaza mashelefu athu, tsopano ndimawayala motalikirana kuti asaoneke kuchepa.

Mwini bekareyo, Nabil, tinali limodzi ku yunivesite. Akandiona amanditcha Profesa wa Phulusa, n'kundifunsa ngati mabuku anga a mbiri yakale aja amayaka bwino. Ndimaseka naye. Ndikabwerera ndimayang'ana moto n'kumadzifunsa ngati ndinatsala pano chifukwa chokonda ntchitoyi, kapena chifukwa choopa dziko.

Koma imvani zimene zachitika.

Tsiku lina m'mawa ndikuchokera kokaitanitsa nkhuni, miyendo inandilowetsa m'kanjira kathu kakale, kumene sindinapondeko chisamukire ife Mayi atamwalira. Dzuwa linali litangotsikira pakhoma, njiwa zikulira padenga ngati kale. Pakhomo pa nyumba yathu ija panali thabwa lovundikira ndi kansalu.

Mukukumbukira mmene zinkakhalira. Mayi akakanda ufa ankangosiya thabwa pakhomo, ndipo aliyense wolowera ku uvuni ankalinyamula, osagogoda, osafunsa. Mwambo umenewo unatha kalekale, koma manja anga sanauiwale. Ndinangozindikira thabwa lili pamutu, ndikutsika masitepe a kanjirako, ndikumva ngati ndabwerera ku ubwana ndipo inu mukundikuwira kumbuyo kuti ndisapendeketse.

Nditavundukula ku uvuni, ndinayang'anitsitsa. Pa mkate uliwonse panali chizindikiro cha Mayi, kanyenyezi kaja kothyoka nsonga imodzi.

Achemwali, ine sukulu ndinapita, ndikudziwa kuti akufa sakanda ufa. Komabe mikateyo ndinaiika pamene Bambo ankaika ya kwathu, kumanzere kumene moto sukwiya. Pamene inkafufuma, fungo linandizinga, utsi unkayenda pang'onopang'ono m'kuwala kwa pazenera, ndipo ndinkadikira kumva kachifuwa ka Mayi kaja pakhomo.

Amene analowa sanali Mayi. Anali mzimayi wamfupi, ufa uli m'mikono, akukalipa mosakaniza ndi chilankhulo cha kumapiri. Dzina lake ndi Itto, ndiye akukhala m'nyumba yathu ija ndi ana ake, ndipo woyandikana naye ndi amene anamulozera kwa ine. Itto akuti chibwerere mumzinda muno anamubera kale nsapato ndi ndowa, koma wakuba ufa wosapsa anali asanamuonepo, kodi ndimafuna kuunyambita wauwisi ngati mbuzi? Iye thabwalo anangoliika padzuwa kuti ufa ufufume, pajatu khitchini yathu ija mukuidziwa kuzizira kwake, ndipo ankafuna kuwotcha yekha pachiwaya.

Ine chibwibwi chokhachokha. Anandipulumutsa ndi a Lalla Batoul, anzawo a Mayi aja, amene anali pabenchi kudikira mikate yawo. Anaseka mpaka kugwira nthiti. Anamuuza Itto kuti mwana wanga, uyu kuba sangathe, kufunsira mbeta kumene kukumukanika. Anamufotokozera kuti kuno thabwa la pakhomo ndi pempho, ndipo wolinyamula amapeza madalitso. Kenaka maso awo anagwera pa kanyenyezi, kuseka kunathera pomwepo.

Itto anati anapeza kachidindo kamtengo m'kabowo ka khoma la kukhitchini, kuseri kwa mtsuko wosweka, ndipo amadindira mikate chifukwa ana ake amakonda nyenyezi. Ndi komwe kaja tinakafunafuna nyumba yonse atatha maliro. A Lalla Batoul ananyema mkate umodzi ukadali wotentha n'kutigawira, akuti anthu amene adyera limodzi mkate satchulananso akuba. Itto anatafuna, n'kunena kuti wakubayu kuwotcha kokha amatha.

Nkhani inathamanga ndi a Lalla Batoul kuposa njinga za Nabil. M'mawa mwake ndinapeza matabwa angapo m'makomo. Ena ndi a nkhalamba zimene zinasiya kukanda chifukwa masitepe anazikulira. Ena ndi a azimayi ogwira ntchito m'maofesi, amene amasiya thabwa pochoka, n'kudzapeza mkate pobwera. Njinga yamoto siikwera masitepe athu, ndipo foni siidziwa kuti kasitomala wathu wakale a Haji Allal amafuna mkate wopserera pansi.

Tsopano m'mawa uliwonse ndimazungulira tinjira tathu, kutola ndi kubweza. Ine amene sinditha kuitanira malonda, ndapeza malonda osafuna pakamwa. Nthawi zina ndikamayenda ndimaona ngati zitseko zonse zikupuma, ndipo mzinda wonse ndi mtanda umodzi wa ufa umene ukufufuma pansi pa nsalu.

Nabil anakumana nane matabwa ali pamutu. Akuti Profesa wakwezedwa pantchito, tsopano ndi bulu. Koma atayang'ana uku ndi uku anafunsa motsitsa mawu ngati ndingamadutsireko kwa mayi ake, poti iwo mkate wa m'bekare yake saulawa.

Sindikunamizani kuti mashelefu adzaza. Sanadzaze. Mwina awa ndi maloto chabe a munthu wokhalitsa pautsi, ndipo ine ndalakwitsapo zambiri zimene ndinkaziyesa zoona. Ndikudziwanso kuti gawo lanu la ndalama zogulitsira uvuni likanathandiza ana kumeneko, ndipo pamenepo ndilibe yankho lokwanira.

Pempho langa ndi limodzi, achemwali. Musasayine Ramadani ino. Ndi mwezi umene nyumba iliyonse imakanda, ndilekeni ndione ngati matabwa apitirire kutuluka m'makomo. Ikadzadutsa Idi zinthu zili chimodzimodzi, moto ndidzazimitsa ndi manja anga, ndipo simudzamva dandaulo.

Itto anabwera ndi kachidindo kaja kuti andibwezere. Ndinamuuza kuti si kanga ndekha, kali ndi mwini wina kutsidya kwa nyanja, abakasunga mpaka mwiniyo adzanene. Choncho kanyenyezi ka Mayi kakulowabe pamoto m'mawa uliwonse, kumanzere kuja, kudikira mawu anu.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Houda ndi Ilyas. Azakhali a Rkia akuti mafuta a mawondo aja musaiwale. Mulungu akusungeni, aunikire nyumba yanu, ndipo atikumanitse tili amoyo.

Ndine mlongo wanu wa m'phulusa,
Tayeb