Galu Wotchedwa Musandifunse

9 Ogasiti

Okondedwa Achemwali,

Ndikudziwa kuti mukaona kalata yolemba pamanja yochokera kwa ine mtima ugunda, muziti kwagwa zovuta. Khazikani mtima pansi, palibe wamwalira. Ndalemba chifukwa pa foni mumandidula ndisanafike pamutu pa nkhani, koma pepala simungaliuze kuti mphika ukupserera. Ife kuno tilipo. Mlamu wanu akadandipirirabe, ndipo ana anga a sukulu akulepherabe masamu mokhulupirika. Nanga alamu anga oimba lipenga aja ali bwanji? Anansi sanakuthamangitseni?

Nkhani ndi ya galu wa Bambo. Inu simunamuonepo, poti anabwera chaka chimene munachoka, Bambo atakuuzani pakhomo kuti mukakwatiwa ndi woimba lipenga musadzapondenso pano. Kanali kagalu kongoyendayenda padoko, ka khutu limodzi long'ambika, kamene kanayamba kuwatsatira akamayenda m'mbali mwa nyanja yamchere m'mawa. Dzina sanakapatse. Koma mukuwadziwa anthu a padoko. Aliyense wokumana nawo, kuyambira mayi wogulitsa ayezi mpaka anzawo amene ankakonza nawo injini za mabwato, ankawafunsa za inu. Iwo yankho linali limodzi: "Musandifunse." Kagaluko pomva mawuwa kambirimbiri, kanaganiza kuti munthu sangabwereze chinthu chotero ngati sakuitana wina, basi kanayamba kuthamangira kwa iwo kakugwedeza mchira. Dzina n'kukhala lomwelo. Choncho, Achemwali, mwakhala mukuyenda ndi Bambo m'mawa uliwonse zaka zonsezi, kungoti ndi miyendo inayi, ndipo mumadya nkhanu zakufa.

Masiku ano ndimapita nawo ndisanalowe kuntchito. Pa foni ndinakuuzani kuti ndikufuna kuchepetsa mimba. Mimba ilipobe. Choona n'chakuti mwezi wa Meyi anatuluka ndi galuyo, n'kukafika pa mlatho wothyoka uja, osadziwanso kuti kwawo n'kuti. Amene anawabweretsa ndi Musandifunse: kutsogola, kuima, kuwayang'ana, kutsogolanso. Adokotala atawapima anandiitanira pakhonde. Akuti mutu wawo ukutaya zinthu pang'onopang'ono, ndipo chimene chatayika sichibwerera.

Timanyamuka madzi ataphwera, mchenga ukadali wolimba. Amavala jekete yabuluu ija yonunkha dizilo, imene Mayi analimbana nayo mpaka kumwalira osakwanitsa kuitaya. Injini akuzidziwabe. Bwato likamadutsa patali amaima, kutchera khutu, n'kugamula kuti mwini wake ndi mbuli, sasintha oilo. Koma dzulo anandifunsa ngati ndinakwatira, mkazi wanga atangowapatsa kumene tiyi. Galunso wakalamba. Mwendo wakumbuyo amachita kuukoka, mafunde sawauwanso, amangowayang'ana ngati anthu oti anakambirana kale n'kumvana. Timayenda atatu ngati tikuperekeza maliro, ine ndi digiri yanga yonse nditanyamula kathumba kotolera zimene galu wasiya.

Chimene chandigwiritsa cholembera ndi ichi. Mkangano uja auiwala. Lipenga, chitseko chimene anamenyetsa, mawu aja, zonse zafufutika ngati mapazi athu madzi akabwerera. Mwatsala ndinu. M'mutu mwawo munangopita kukoleji, ndipo sukulu yachedwa kutsekera. Tikafika pa mwala waukulu pamene ankakuphunzitsani kusambira, amakhala pansi, kukutumula mchenga m'nsapato, n'kufunsa kuti mlongo wako akubwera liti. Ine ndimati Loweruka. Amasangalala, amati tidzakugulireni nsapato poti zanu zija zinatha. M'mawa mwake afunsanso, ine Loweruka lomwelo.

Lachiwiri lapitali ndinali wotopa, mayeso osachonga ali mulu patebulo, mphepo ikundimenya kumaso. Anafunsa, ndinayankha. Tisanafike n'komwe pamene amakocheza mabwato anafunsanso, kenako anafunsanso. Mawu anangotuluka okha pakamwa panga.

"Bambo, musandifunse!"

Galu anali kumbuyo kwathu, akununkhiza ndere. Anadzutsa khutu lake labwinolo, n'kubwera akukoka mwendo, mchira ukugwedezeka, kudzakhala pamapazi panga. Bambo anamuyang'ana.

"Dzina loipa ili," anatero. "Ndani anapatsa galu dzina lotere? Munthu ameneyo anali wouma mtima."

Ndinati sindikudziwa. Ndinanamizira mchenga kuti wandilowa m'maso, iwo n'kundipatsa mpango wawo, akundidzudzula kuti munthu wamkulu ndiziyang'ana kumene mphepo ikuchokera.

Achemwali, sindikuti analibe mlandu. Ndinalipo tsiku lija, ndine ndinakunyamulirani chikwama mpaka pa basi. Ndikudziwanso kuti mwadikira "pepani" nthawi yaitali, ndiye ndikuuzeni mosapsatira: sabwera. Munthu woti apepese uja kulibenso. Yatsala ndi nkhalamba yofuna kukugulirani nsapato. Adokotala akuti zakale ndi zimene zimachoka pomaliza, koma zimachoka ndithu. Sabata yatha dzina la Mayi linawathawa m'mawa wonse, ankangoti "ujeni, ujeni" akuloza kunyumba. Pambuyo pa Mayi, pamzerewo pali inu. Madzi a m'nyanja amaphwera n'kubwerera, koma awa akungophwera.

M'chipinda chanu mlamu wanu wachotsamo maukonde ndi zitsulo zonse zija, wayalamo. Lipenga libwere nalonso pamodzi ndi mwini wake. Mwina Bambo tsopano alikonda, sadziwa kuti anadana nalo.

Mlamu wanuyo akupereka moni. Mayi wa ayezi akuti akufuna aone ngati munanenepa. Musandifunse sakukudziwani, koma wakugwirirani malo mokwanira, ndipo miyendo yake yatopa. Bambo ndawauza kuti ndikukulemberani. Akuti mubwere ndi juzi poti kuno kukuzizira, ndiponso mukhale pampando wa pawindo kuti musasanze monga mwa masiku onse.

Mukaimba foni kufunsa ngati adzakuzindikirani, yankho langa mukulidziwa kale, ndipo galu adzangovutika kudzuka pachabe.

Ine ndawauza kuti Loweruka.

Ndine mlongo wanu,
Wamimba uja