Mchere Umene Ndidakana Kuthira

Amayi, kodi kumeneko mukukhalako bwanji? Kuno dzinja lachiwiri latha chikuikireni m'manda, ndiye ndati ndikulembereni monga ndinkachitira ndili kusukulu, kungoti pano palibe wa minibasi ya ku Nsaru woti ndimupatsire kalatayi.

Ndiyambe ndi zabwino, poti munkadana ndi munthu wofika pakhomo ndi nkhope yamaliro. Chiliza chanu tamanga. Chaoneka bwino, ngakhale ndikudziwa mukadati simenti yonseyo ikadakonza khonde. Chimanga cha kudambo chachita bwino, koma cha kumtunda chidapserera ndi ng'amba ya mu Febuluwale. Mtedza ndi wochepa, anankafumbwe ndiye alowa kale m'nkhokwe. Mdzukulu wanu Tadala, mwana wa achemwali a Esinati, wabereka mwana wamkazi ndipo tamupatsa dzina lanu. Akalira amamveka mpaka kuchigayo, moti palibe akukayika kuti watengera yani.

Ine ndikadali ku labotale kuja m'tauni. Paja munkauza amayi anzanu a chigwirizano kuti, "Wanga uja amaweta matenda m'mbale." Ndinkakwiya nazo, koma simunkanama. M'timbale tating'ono timasungamo maselo, tizidutswa tamoyo timene timapanga thupi la munthu, tosaoneka mpaka utayang'anira pa makina okuza zinthu. Maselo abwino ali ndi ulemu. Akachulukana n'kukhudzana ndi anzawo amaima pomwepo, ngati mlimi wodziwa malire a munda wake. A khansa sadziwa malire. Amangoswana, kukwerana pamsana, kulanda chakudya cha anzawo, ndipo nthawi yawo yofa ikakwana amakana. Ndimawadyetsa Lolemba ndi Lachinayi, ndi kuwasunga m'kabati yofunda ngati thupi la munthu. Tsiku lina ndidadzipeza ndikudandaula kuti mbale imodzi yandifera. Ndidavula magolovesi n'kutuluka panja, chifukwa mtundu umenewo ndi womwe udakudyani inu.

Mukukumbukira mankhwala a m'diripi aja, amene adakuthotholani tsitsi ndi kukusiyani ndi zilonda m'kamwa mpaka phala kukukanikani? Mudandikoka malaya m'chipatala muja n'kunena kuti, "Yosefe, anzakowa akuthira mankhwala ngati munthu womwaza feteleza. Udzu ukudya, chimanga chikupsa. Ine ndimathira pa phando, ndi kachitsekero ka botolo." Amayi, ntchito yathu yonse ndi imeneyo. Tikukulunga mankhwala m'timipira tamafuta tating'onoting'ono, kunja kwake n'kuikako chizindikiro choti tikakakamire pa selo la khansa lokha, tikatsegukire mkati mwake. M'mbale zimatheka, maselo oipawo amakwinyika n'kufa ine ndikuona. Koma tikabaya mbewa zathu zoyera, zimene palibe amaziwamba, timipira tambiri timakathera m'chiwindi, chotupa chili phee. Akuluakulu athu amati tidekhe, ndi ntchito ya zaka. Ndatopa nako kudekhako, sindikubisirani.

Tsopano ndinene chimene chandikhazika pansi.

Chaka chija musanagwe kumunda, ndinkabwera kumudzi pafupipafupi. Nthawi iliyonse mukaphika nkhwani munkandiitana: "Yosefe, tathirako mchere apa, m'manja mwanga muli nsinjiro." Ndinkathira ndikuseka, kumati mayi angofuna mwana wawo akhale pafupi. Chonsecho mwambo ndinkaudziwa kuyambira ndili wamng'ono: mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, kuopa kudula a pabanja pake. Inu munali mayi wa mpingo, koma umenewu munkausunga mwakachetechete. Chimene sindidaganize n'chakuti inu mudasiya kusamba ine ndisanamalize sekondale. Mayi wa msinkhu wanu akayambanso kupewa mchere, ndiye kuti akutaya magazi, ndipo magazi a pa msinkhu umenewo ndi chizindikiro chimene ndidachiwerenga m'mabuku kambirimbiri. Kaya munkandiuza ndi mcherewo zimene pakamwa pa mayi sipangauze mwana wamwamuna, kaya munkangosunga mwambo, sindidziwa. Ndikudziwa kuti ndidathira mchere chaka chathunthu ndi dzanja langali, osafunsa. Pamene tinkafika nanu kuchipatala, dokotala adati khansa yachoka kale pa khomo la chiberekero, yafika kuchikhodzodzo. Munkakonda kunena kuti safunsa adadya phula. Ine ndidadya, ndipo likadali kukhosi.

Nthawi yomanga chiliza ndidatenga tchuthi cha milungu itatu, n'kumagona kwa achemwali a Esinati. Tsiku loyamba adandiitana kukhitchini: "Achimwene, tathirani mchere apa." Ndidathira. Mlungu woyamba udatha, sindidadabwe, poti iwo akadali pa msinkhu wake. Mlungu wachiwiri, chimodzimodzi. Ndidayamba kuwayang'ana bwino: milomo yotuwa, kupumira m'mwamba akangochoka kudilawo, kukhala pansi atagwira m'chiuno. Mlungu wachitatu, Lachitatu masana, adandipatsiranso kambale ka mchere kaja.

"Achemwali, sindithira," ndidatero.

"Bwanji? Kutauni adakuletsani mchere?"

"Mudayamba liti kutaya magazi?"

Chipande chidagwa pansi. Adandiyang'ana ndi maso anu aja a tsiku limene ndidadyetsa mbuzi m'dimba la eni.

"Iwe Yosefe, sukulu yakuchotsa manyazi eti? Zimenezo munthu amafunsa mlongo wake?"

"Amayi sindidawafunse. Ndi awo tikuwathira simenti pamwambawo."

Adatuluka panja. Tsiku limenelo tidadya nyemba zopanda mchere, alamu akungoyang'ana m'mbale. Ndidachita manyazi, Amayi, manyazi oti ndikadalowa pansi. Koma kambale kaja sindidakakhudze.

M'mawa mwake ndikutonola chimanga kuseri kwa nkhokwe, achemwali adabwera n'kukhala chondifulatira. Adalankhula akuyang'ana kutchire.

"Chiyambire nthawi yobzala. Sikusiya."

"Mudauzako ndani?"

"Amayi ena achikulire a kumpingo. Adati ndi mmene zimachitira munthu akamayandikira kusiya."

Kuyambira yobzala mpaka yokolola, Amayi. Miyezi isanu ndi umodzi akuitana anthu kudzathira mchere, mudzi wonse ukuona, aliyense akusunga ulemu.

Tidapita kuchipatala chaching'ono tsiku lomwelo, pa njinga yamoto. Kumeneko namwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero n'kuyang'ana ngati pali poyera. Viniga wamba, Amayi. Ine ndikulimbana ndi timipira tosaoneka ndi maso, pamene chimene chikadakupulumutsani chikadachitika pa mtunda woti munkayenda wapansi pokagulitsa mtedza. Matendawa akapezeka asanakule amangowatentha pomwepo munthu n'kubwerera kwawo. Koma namwino atatuluka sadandiyang'ane kumaso, adangolemba kalata yotitumiza kuchipatala chachikulu. Uko adadulako kanyama kukapima, ndipo tidadikira masiku amene sindifuna kuwakumbukira.

Zotsatira zabwera sabata yatha. Ndi khansa, yomwe ija. Yakula kupitirira poti n'kuitentha, koma akuti sinafike pamene idafika yanu. Lachiwiri likudzali awachita opaleshoni yochotsa chiberekero chonse. Ndidamupanikiza dokotala kuti andiuze zoona monga munthu wodziwako, ndipo adati adzadziwa bwino akatsegula. Sadalonjeze kanthu.

Tikutuluka, achemwali adandifunsa: "Nanga mankhwala mukupanga aja, achimwene, osandipatsako bwanji?"

Ndidati akadali pa mbewa.

"Ndiye mbewa zili ndi mwayi," adatero, n'kuseka. Ine kuseka kudandikanika. Zaka zonsezi ndikuweramira timbale, ndipo mlongo wanga yemwe ndilibe chomupatsa. Timipira tija tikadzatheka tidzathandiza ana a anthu ena, mwina kamwana katenga dzina lanuka. Achemwali ayi, sitiwapeza.

Munkati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pepani Amayi, pamenepa ndikutsutsani. Inu mudamva m'mimba chaka chathunthu, chitseko simudatsekule, chifukwa panja padali mwana wamwamuna. Achemwali nawo akadakhala chitsekere. Ndathyola mwambo umene mudatilera nawo, ndalankhula ndi mlongo wanga mawu amene mwamuna salankhula, ndipo kumudzi ena ayamba kale kunena kuti Yosefe sukulu idamupenga. Anene. Tadala ndamuuzanso pamaso pa amuna ake kuti akangolimba apite akapimidwe. Ngati mwakhumudwa nane kumeneko, mudzandikalipire tikadzakumana, ndidzakhala pansi n'kumvetsera.

Ndili ndi mantha, Amayi. Ndimadziwa zochuluka za matendawa moti sindingathe kudzinamiza monga achitira ena. Ndikayang'ana pa makina aja masiku ano sindikuonanso ntchito, ndikuona chimene chili m'thupi mwa achemwali chikukwerana pamsana. Dzulo ndidawaperekeza kukagonekedwa. Adalongedza zitenje ziwiri, Baibulo lanu lija long'ambika chikuto, ndi kapu. Ndikutsanzika adandigwira dzanja, chinthu chimene sadachitepo chikulire chathu.

"Akandichotsa chimenechi," adatero, "mchere ndizidzathira ndekha mpaka kufa. Simudzavutikanso, achimwene."

Ngati kumeneko mumamveka mukapempha, pemphani chimenecho basi. Musawaitane msanga. Pambali pa chiliza chanu pali malo, ndidawaona tikumanga, ndipo sindikufuna kuwayang'ananso. Ndikufuna ndidzakhale pakhonde paja mvula ikadzagwa, ndidye nkhwani wothira iwo mchere, ngakhale atauchulutsa monga mwa chizolowezi chawo.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani. Ndikulonjeza kuti mkazi aliyense wa m'banja mwathu akadzandipatsira kambale ka mchere, ndidzayamba ndafunsa.

Ndine mwana wanu,
Yosefe